Dzanja Limene Linathira Mchere

Zelifa anadziwa kuti zinthu zavuta asanatsike n'komwe panjinga ya kabaza. Pakhomo pa mayi Namwale, ku Malengachanzi, panali zii ngati pamaliro, chonsecho anthu analipo. Palibe amene anaimirira kudzamulandira jumbo. Lois, kamwana ka Raston kamene kankamuthamangira masiku onse, kanali gone pamphasa pakhonde, zikope zitatupa, milomo ili gwaa.

Raston ndiye anali mwamuna womutomera Zelifa. Mkazi wake woyamba, amene anamutenga chitengwa, anamwalira Lois akadali wa kumsana, ndipo akuchikazi anatumiza Jenifa, mng'ono wa malemuyo, kuti adzalere mwanayo. Zolera mwanazo kunali kunena chabe. Mudzi wonse unkadziwa kuti akuchikazi ankafuna Jenifa alowe m'nyumba ya mkulu wake. Koma mtima wa Raston unakagwera ku Benga, kwa Zelifa, ndipo ankhoswe anali atagwirizana kale kuti chinkhoswe chichitike anthu akatha kumweta mpunga. Mpungawo unali utayamba kucha.

Zelifa anagwada patsinde pa khonde. "Mwaswera bwanji, amayi? Ndamva kuti Lois akutsekula m'mimba."

Mayi Namwale, amayi ake a Raston, moniwo sanauyankhe. "Lamulungu lija, ndiwo anathira mchere ndani?"

"Ndine, amayi. Inu munali kudimba, ndiye a Jenifa anati ndimalize kuphika."

"Mwamva nonse? Wanena yekha ndi pakamwa pake."

Abale, amene anakulira kuno safuna womumasulira funso limenelo. Akuluakulu amati mkazi akayenda ndi mwamuna kumbali amakhala wotentha, ndipo akathira mchere m'ndiwo, mwana wodya ndiwozo amadulika: amatsekula m'mimba, amatupa, amafota. Ndilo tsempho limenelo. Amatinso bambo wa mwana akapita kumbali n'kubwera kudzanyamula mwana wake, zimachitika chimodzimodzi. Koma pa milandu yotereyi, kaya n'chifukwa chiyani, diso la mudzi limathamangira kwa mkazi.

"Amayi, ine sindinachite kanthu," anatero Zelifa.

Jenifa anaseka kakuseka kouma. Anali atakhala kumutu kwa mwana, akumuthamangitsira ntchentche ndi nsonga ya chitenje. "Nanga tsiku la msika ku Benga, amene anakwera njinga yamoto ya adokotala a Suzgo atawagwira m'chiuno anali ndani? Kapena muli ndi mapasa?"

"Minibasi inatifera panjira tikuchokera ku Dwangwa. Ananditenga ngati munthu wodziwana naye."

"Wodziwana naye ndithu. Si omwe aja ankakufunsirani?"

"Ndinawakana!"

"Kukana kwa masana timakudziwa," anatero Jenifa.

 Zelifa anatsegula jumbo yake n'kutulutsa timapaketi ta Thanzi. "Chabwino, za ine tikamba bwino. Koma mwanayu wataya madzi ambiri. Tamusungunulirani izi azimwa."

Mayi Namwale anang'amba kapaketi kamodzi, ananyambita chala, nkhope n'kuchita tsinya. "Mchere! Wabweranso ndi mchere wina kudzamumaliza!" Anaponyera timapaketi tonse kudzala. Kenaka analoza ndowa ya pulasitiki imene inali pakona, mizu ikuyandama m'madzi ofiirira. "Mankhwala ake ndi awo. Amayi odziwa zitsamba anena kuti azimwa usana wonse, kapu ikatha ina, ndipo mchere usamukhudze pa lilime mpaka wolakwa atavomera. Akavomera, athire yekha mchere m'mankhwalamo ndi dzanja lomwelo, ammwetse yekha. Apo ayi, mwanayu tikamuika, ndipo magazi ake adzakhala pamutu pako."

Zelifa anatembenuka kufunafuna Raston. Anali atakhala pamtondo wogubuduzika kutali ndi khonde, mutu uli pansi, akulembalemba m'dothi ndi kamtengo. Mwamuna wamtali ngati iyeyo, tsiku limenelo ankaoneka ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

* * *

Raston anamuperekeza mpaka pamlatho wa matabwa wolowera kuminda ya mpunga. Onse awiri ankayenda osayang'anana.

"Raston, pakhomo paja walankhula aliyense kupatula iwe."

"Ndikanati chiyani? Amayi ndi amayi."

"Ukanati ukundidziwa."

"Ndikukudziwa, Zeli."

"Ndiye bwanji sunanene pamaso pawo? Wandisiya Jenifa akundivula ngati nthochi iwe uli phee!"

Raston anaima, anayang'ana mbalame zimene zinkatera mumpunga. Thukuta linali litamunyowetsa kolala ngakhale kunali kamphepo. "Bwanji ungovomera?"

Zelifa anaganiza kuti sanamve bwino. "Wati chiyani?"

"Kungonena pakamwa basi. Uthire mcherewo, mwana achire, nkhani ithe. Ine sindikusiya, ndikulumbira. Chinkhoswe chichitika monga tinapangana."

"Ndivomere chigololo chimene sindinachite? Ine amene ndakukaniza iwe amene, kuti tidikire chinkhoswe? Ukadzandikwatira, mudzi uno uzidzandiitana dzina lanji? Ana anga azidzamva chiyani pachitsime?"

"Anthu amaiwala."

"Anthu amaiwala ngongole, Raston, saiwala hule." Misozi inali itayamba kulengeza, koma anaibweza. "Tenga mwana upite naye kuchipatala. Lero lomwe."

"Amayi akuti mwana wa tsempho akabayidwa jakisoni amafa."

"Nanga iwe ukuti chiyani? Mwanayo ndi wa amayi kapena ndi wako?"

 Raston anangoti, "Uganize bwino," n'kubwerera kumudzi akukoka miyendo.

Zelifa asanafike kumsewu wa tala, foni inalira. Unali uthenga wa Jenifa. "Mchere munathira wakwana. Siyani banja la eni." Pansi pake panali chithunzi: Jenifa atafukata Lois, kumbuyo kwake kukuoneka malaya a Raston ali pachingwe. Zelifa anachiyang'ana nthawi yaitali, mtima ukumuwawa ngati wathiridwa tsabola. Ankamukonda Raston, ndipo ankamukondanso mwana uja ngati wobala yekha. Chimenecho ndicho chinkamupweteka kwambiri.

* * *

Tsiku lotsatira anachita chinthu chimene munthu wosamala dzina lake sakanachita: anakamudikira Suzgo pakhonde la golosale ku Benga, masana dzuwa lili pamutu, maso a anthu onse a pamsika ali pa iye. Suzgo anali wa ku Dwangwa, makolo ake ochokera kumpoto, ndipo ankagwira ntchito pachipatala chaching'ono cha m'deralo. Anafika akupukuta magalasi ndi malaya.

"Mwe, lero dzuwa latulukira kuti? Mkazi wa eni kundiitana ine?"

"Suzgo, nthabwala lero ayi."

Anamufotokozera zonse: mchere, tsempho, ndowa ya mizu, ndi njinga yamoto ija. Pa nkhani ya njinga Suzgo anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Ndiye ndine chigawenga chake? Bola zikanakhala zoona, ndikanalipira mosangalala." Koma Zelifa atafika pa ndowa, kuseka kunathera panjira.

"Bwereza. Akutsekula m'mimba, ndipo akummwetsa madzi okhaokha usana wonse? Phala lopanda mchere? Thanzi ayi?"

"Anataya kudzala."

"Yayi, yayi, yayi." Suzgo anakhala pabenchi. "Zikope zotupazo sindinganene chazitupitsa ndisanamuone. Chimene chikundiopsa ine ndi kutupa kumene simukukuona. Ukukumbukira maselo, kusukulu kuja?"

"Timatumba tating'onoting'ono timene timapanga thupi."

"Eya. Katumba kalikonse kali ndi madzi ndi mchere wake m'kati, ndipo kamasambira m'madzi a m'thupi amene alinso ndi mchere wawo. Madzi ali ndi khalidwe limodzi: amatsata kumene kuli mchere wambiri. Mwana akamatsekula m'mimba amataya madzi ndi mchere womwe. Ukamubwezera madzi okha, magazi amasukuluka. Kunja kwa selo mchere wachepa, m'kati ulipo. Madzi alowera kuti?"

"M'kati."

"Selo n'kuyamba kufufuma. Koma selo si chitsiru. Pakhungu lake pali timakomo tosaoneka ndi maso, ngati tizitseko ta m'ngalande za kusikimu ya mpunga. Likamva kuti lakhuta madzi, limatsegula timakomoto n'kutulutsa mchere wake womwe, wina timautcha potaziyamu, wina kulorayidi. Mchere ukatuluka, madzi amautsatira, selo n'kuphwa. Limadzipulumutsa potaya chuma chake."

"Ndiye kuti thupi likonza lokha?" anafunsa Zelifa, chiyembekezo chitamugwira.

"Likapatsidwa mpata. Koma inu mukuthira kapu pamwamba pa kapu. Timakomo titsegule, titsegule, mpaka selo lilibenso choti litaye. Maselo a pamwendo akatupa, khungu limatanuka. Nanga a mu ubongo atanukire kuti, atatsekeredwa m'chigaza? Mwanayo ayamba kugona kwambiri. Asanza. Kenaka akomoka, manja ndi miyendo zikukoka. Zikafika pamenepo, Zelifa, ndi mwayi wokha."

Zelifa anaimirira. "Tiye ukawauze. Iwe akumvera, ndiwe dokotala."

"Ine? Amene akuti ndinagona nawe? Ndikangoponda pakhomo paja ndi iwe, chinkhoswe chako chathera pomwepo. Waganiza zimenezo?"

Zelifa anali ataganiza kale. 

Suzgo anamuyang'ana, nthabwala zitamuthera. "Ndikufunse chinthu chimodzi, usakwiye. Mwamuna wakoyo akuti chiyani?"

"Akuti ndivomere."

"Akuti uvomere." Suzgo anagwedeza mutu. "Ine unandikana chifukwa ndimalankhula kwambiri. Wapeza wosalankhula." Anaimirira. "Muuze abweretse mwana. Akakana, ndipo ukamva kuti wayamba kugona, undiimbire. Za dzina langa tiona bwino."

Madzulo a tsikulo Zelifa anamutumizira Raston mauthenga mpaka chala kuwawa. Anamufotokozera za madzi, za mchere, za ubongo. Timizere tiwiri tinkasanduka tobiriwira, kusonyeza kuti wawerenga, koma yankho linali limodzi lokha: "Ndamva. Uganize zomwe ndinakupempha."

* * *

M'mawa mwake, Zelifa akusesa pabwalo, Raston anatumiza mawu pafoni. Ankamveka wopepukidwa.

"Zeli, usadandaule, Lois akupezako bwino. Wasiya kulira, akungogona basi, ngakhale kumudzutsa akuvuta. Wasanza, koma amayi akuti ndi matenda akutuluka."

Tsache linagwa lokha m'manja. Kalanga ine, anthu akusangalala mwana akupita!

Sanasinthe n'komwe zovala. Anamuimbira Suzgo, ndipo posakhalitsa njinga yamoto ija, yomwe ija inayambitsa nkhani, inali ikudya msewu kulowera ku Malengachanzi, Zelifa ali kumbuyo. Atakhota kulowa m'mudzi, amayi amene ankapuntha mpunga anaimika ntchito. Ena anawatsatira akuthamanga, poti zaulere zoonera sizidutsa kawiri.

"Taonani!" anakuwa mayi Namwale atawaona. "Wabwera naye! Wabwera naye pakhomo panga, masanasana!"

Suzgo anavula chipewa cha njinga n'kuwomba m'manja mwaulemu. "Amayi, pepani. Ine ndangobwera kudzaona mwana. Mundilole ndimuone kamodzi kokha."

"Ukhudze mdzukulu wanga ndi manja amenewo? Choka!"

Jenifa anali atakhala pakhomo la nyumba atatsekereza, Lois ali pamiyendo pake. Mutu wa mwanayo unali lende, maso otsegula pang'ono koma osaona kanthu. Jenifa anali ndi kapu m'manja, akuyesa kumutsegula kukamwa ndi supuni.

"Musammwetsenso!" anakuwa Zelifa. Anathamangira kwa Raston, amene anaima pafupi ndi nkhokwe. "Raston, ndiwe bambo wake. Palibe angakuletse. Mnyamule, tikwere njinga, tipite. Chonde!"

Raston anayenda mapazi awiri, manja atatambasula. Kenaka anaima. Anayang'ana manja akewo ngati a munthu wina, n'kuwabisa kumbuyo.

"Sindingathe," ananong'ona.

Pamenepo Lois analira kulira kumene Zelifa anali asanakumvepo, kopyapyala, kochokera kutali. Kamwendo kake kanagwedezeka kokha.

Zelifa anayang'ana anthu amene anadzaza pabwalo. Panali amayi a kumpingo, panali atsikana amene anayenera kudzamuvinira pachinkhoswe, panali malume ake a Raston amene anali nkhoswe. Anadziwa kuti mawu amene akufuna kunena sadzabwereranso m'kamwa. Anagwada pafumbi.

"Amayi, ndavomera."



"Kweza mawu, anthu amve," anatero mayi Namwale.

"Ndavomera. Ndinayenda ndi mwamuna, ndinathira mchere ndili wotentha. Ndine ndamudula Lois."

"Zelifa, ukunama!" anakuwa Suzgo. "Amayi, akunama uyu!"

"Khala chete, Suzgo."

Phokoso linabuka ngati njuchi. "Ha! Ndi nkhope yofatsayo?" "Tinkanena ife!" Wina analavula. Jenifa anamwetulira osabisa n'komwe. Mayi Namwale analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mchere pachikhatho. "Mpatseni mwanayo. Athire yekha, ammwetse yekha, monga ananenera."

Jenifa anapereka mwana monyinyirika. Zelifa atangomulandira, kathupi kanauma gwa, maso anatembenuka, manja ndi miyendo zinayamba kukoka, thovu likutuluka kukamwa. Amayi anakuwa. Mayi Namwale anagwira kumutu, mchere uja n'kumwazika pansi. M'chipwirikiti chimenecho Zelifa sanapemphe chilolezo kwa munthu. Anamufukata Lois chammbali monga anamuuzira Suzgo, anakwera njinga, ndipo anthu asanazindikire, fumbi lokha ndilo linatsala.

* * *

Kuchipatala cha pa boma anamulandira Lois mothamanga. Anamubaya, anamutenga magazi, anamuika diripi. Zelifa anakhala pambali pa bedi osadya, osasamba, akuyang'ana madontho akugwa limodzilimodzi.

"Bwanji osatsegula kwambiri kuti mchere ulowe msanga?" anamufunsa Suzgo pamene anabwera kudzawaona tsiku lotsatira.

"Woyamba uja anauthamangitsa kuti kukomoka kusiye. Wotsalawu uyenera kulowa mwaulemu. Paja maselo anataya mchere wawo podziteteza. Ukadzaza mchere m'magazi mwadzidzidzi, madzi athawa m'maselo onse nthawi imodzi, afota, ubongo uwonongeka. Timakomo tija timafuna nthawi kuti titolerenso zimene tinataya." Kenaka anatsitsa mawu. "Ku Benga nkhani yafika kale. Akuti ine ndi iwe. Amayi anga andiimbira kuchokera ku Dwangwa."

"Pepa, Suzgo. Ndakuipitsira dzina."

"Langa lichapika, ndine mwamuna. Lako ndilo ndikulilira." Anaseweretsa makiyi a njinga. "Akakutaya, ukudziwa kumene ndimakhala."

"Sanditaya. Analumbira."

Suzgo anangoti "Chabwino," n'kutuluka.

Lois anatsegula maso m'mawa wa Lolemba. Anayang'ana denga, anayang'ana Zelifa, n'kunena kuti akufuna mandasi. Zelifa analira mokweza mpaka amayi a pabedi loyandikana anabwera kudzamugwira, poganiza kuti mwana wamwalira.

Cha m'ma teni anafika Raston, amayi ake ndi Jenifa. Mayi Namwale sanamuyang'ane Zelifa. Anagwira tsaya la mdzukulu wawo n'kunena kuti, "Mwaona? Wangovomera, mwana wadzuka." Jenifa anaika basiketi ya chakudya pansi, anati akupita kukasamba m'manja, n'kutuluka.

Dokotala wa mu wodiyo, mayi wamfupi wosaseka, anamva mawu a mayi Namwale. "Agogo, mwanayu anatsekula m'mimba chifukwa cha tizilombo, monga ana ambiri nyengo ino. Chimene chikanamupha ndi madzi opanda mchere amene ankamwa. Magazi ake tawayeza. Mukanachedwa pang'ono, bwenzi tikukamba zina."

"Achipatala mumatero nthawi zonse," anayankha mayi Namwale, akukonza duku.

Koma Raston anamutsatira dokotalayo mpaka pakhomo. "Adokotala, pepani. Mukuti si tsempho?"

"Ndati tizilombo ndi madzi."

"Ndiye kuti palibe munthu amene anamudula? Ngakhale atamunyamula munthu woti, woti sanayende bwino?"

"Bambo, ndili ndi odwala ambiri. Mwana wanu sanadulidwe ndi munthu."

* * *

Zelifa anamupeza Raston panja, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa wodi ya ana. Anali atakhala pamuzu, nkhope ili m'manja, mapewa akugwedezeka. Mtima wa Zelifa unasungunuka. Anaiwala mkwiyo wonse, anakhala pambali pake n'kumugwira dzanja.

"Basi, Raston. Wachira. Tsopano wamva wekha kwa dokotala. Upite ukawauze amayi ndi amalume kuti ndinanama kuti ndipulumutse mwana. Ukanena iwe, amva."

Raston ankangolira ndi kuseka nthawi imodzi, ngati munthu amene amutula katundu wolemera. "Si ine," ankatero. "Mulungu wanga, ndiye kuti si ine. Masiku onsewa osagona, ndimvekere ndapha mwana wanga ndi manja anga. Si ine, Zeli!"

Zelifa anamwetulira naye kanthawi. Kenaka kumwetulirako kunazima pang'onopang'ono.

"Ukanamupha bwanji iwe?"

Raston anasiya kuseka.

"Ine ndi iwe tinagwirizana kudikira. Sunandikhudzepo. Ndiye iwe unkaopa tsempho la chiyani?"

"Zeli, ndimangonena."

"Ndi ndani?"

Maso a Raston anamupereka. Anathawira kutsidya kwa bwalo, ndipo Zelifa anawatsatira. Kumeneko kunali khonde lalitali, amayi oyembekezera atandandalika pamabenchi kudikira sikelo. Kumapeto kwa mzerewo, atafunda chitenje kumutu kuti asadziwike, kunali Jenifa, amene anati akukasamba m'manja.

Zelifa anachotsa dzanja lake pa dzanja la Raston. Anaimirira n'kutsamira mtengo.

"Unkadziwa," anatero motsitsa. "Pamene ndinkagwada pafumbi paja, anthu akundilavulira, iwe unkadziwa kuti wotentha pakhomo paja ndi ndani."

"Zinangochitika, Zeli. Timakhala nyumba imodzi, iwe uli kutali. Sindimukonda, ndimakonda iwe. Za mimbazo wandiuza posachedwapa, mutu wanga sukugwira."

"Ndipo unandipempha kuti ndivomere."

"Ndinkaganiza kuti ukavomera iwe, mankhwala agwirabe ntchito, amayi osadziwa kanthu. Ndinali ndi mantha."

Koma amuna ena, abale! Zelifa anafuna kukuwa, anafuna kumumenya ndi chilichonse chimene chinali pafupi. Ankangoona chinkhoswe chake, nsalu zimene anasoketsa kale, mayi ake ku Benga amene kuyambira Loweruka sanatuluke m'nyumba chifukwa cha manyazi.

Raston anagwada pamizu ya mango, anamugwira chitenje. Zelifa anaganiza kuti tsopano apepesa, anena kuti akaulula zonse pamaso pa mudzi. Ngakhale pamenepo, mtima wake wopusawo unali ukudikirabe.

"Amalume aitanitsa ankhoswe a kwanu mawa," anatero Raston. "Akufuna akambe za iwe ndi Suzgo. Ine ndikanena kuti ndakukhululukira, ndipo ukwati ulipobe. Amayi adzadabwa, koma avomera. Za Jenifa ndikonza mwakachetechete, apita kwawo. Koma akadziwa akuchikazi kuti wotentha pakhomo paja ndinali ine, andilanda Lois, sindidzamuonanso, ndipo iwenso sudzamuona. Zeli, ndagwira mwendo wako. Mawa akakufunsa, usasinthe mawu."